Masiku atatu ku Lilongwe: ndithamange liti, tione chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Blantyre. Akuti amathamanga makilomita 10 katatu pa sabata, ndipo mu Julayi akubwera kuno ndi mayi akunyumba, Lachisanu mpaka Lamulungu. Afunsa kuti: "Tingaone bwanji malo popanda kusokoneza ndondomeko yanga yothamanga?"

Achimwene, ndondomekoyo isiyeni ku Blantyre konko, mungotenga nsapato. Masiku atatu miyendo siiwala ntchito, koma alamu anga akaona kuti tchuthi chasanduka jimu, ulendo wina mudzabwera nokha.

Muthamange kamodzi kokha, Lamulungu m'mamawa cha m'ma 6 koloko, pomwe misewu ili zii. Valani juzi, Julayi kuno kumazizira, ndipo dzuwa likakwera fumbi limabuka. Yambirani ku City Centre, mutsate Presidential Way, mudutse pa Nyumba ya Malamulo yomwe inatsegulidwa mu 2010 ndi pa chiliza cha Kamuzu chomwe chili pambali pake, mukazungulire cha ku Capital Hill. Inu ozolowera zitunda za ku Soche ndi Ndirande mudzangoona ngati mukuseweretsa miyendo, chifukwa Lilongwe ndi wachidikha. Musalowe m'tinjira ta m'maeria kusanayere. Ine ndinayesapo ku Area 47, agalu awiri anandiphunzitsa liwiro lomwe sindinkadziwa kuti ndili nalo.

Loweruka ndiye tsiku lenileni. Lawirirani ku Nkhoma, makilomita pafupifupi 50 kuchoka m'tauni: mutsate msewu wa M1 wopita ku Dedza, mukakhote pa Kamphata. Pali mishoni yakale ya 1896, yomwe anayambitsa amishonale a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, ndipo nyumba zake za njerwa zofiira n'zoti muime kaye muzione. Kenako phiri. Poyambira ndi pofewa, mungamacheze uku mukuyenda, koma chakumtunda kuli miyala yofuna manja ndi mawondo omwe. Tengani madzi okwanira, mupemphenso munthu wa komweko akutsogolereni. Mukafika pamwamba n'kuona chigwa chonse chili tandaa mpaka mapiri a Dedza, makilomita 10 anu aja simudzawakumbukanso. Ntchafu zidzakuuzani zokha madzulo. Ngati mphamvu zatsala, pitirirani ku Dedza Pottery mukamwe khofi, mugulenso kapu yokakumbukira ulendo.

Za kunyanja ku Senga Bay musaziyike pa ulendo uno. Kupita ndi kubwera, maola ambiri athera m'galimoto.

Lachisanu mukafika, osachulutsa. Masana kayendeni ku Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre. Musayembekezere za ku Liwonde ayi. Ndi malo osamalira nyama zopulumutsidwa kwa ozembetsa ndi zovulala, ndipo chokoma chake ndi tinjira ta m'nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, momwe phokoso la maminibasi limazimiririka. Mukatero tsikirani ku msika wa Tsoka. Pa kaunjika pamenepo pamapezeka nsapato zothamangira zabwino ndithu, bola muyang'ane pansi pake ngati sipanaperepeseke, ndipo mtengo woyamba musauvomere. Mukafuna kuwolokera tsidya lina, pali timilatho ta matabwa pa mtsinje wa Lilongwe, eni ake amalipiritsa kangachepe. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono m'thumba, foni ikhale m'manja mwa mayi.