Mafunso Anu: Kodi Kindle Ingasanduke Makina Olembera?

Funso: Ndili ndi Kindle Paperwhite ya 2015 imene ikungokhala m'kabati. Ndamva kuti ena amaikamo pulogalamu yolembera yaulere ngati AbiWord. Kodi n'zoona, nanga ndiyambire pati? Ndine mphunzitsi, Zomba.

Yankho: N'zoona, aphunzitsi. M'kati mwa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, muli Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa chipangizo, kungoti a Amazon anatseka khomo kuti musaikemo zanu. Yanuyo ndi Paperwhite 3, ya purosesa ya 1 GHz, memori ya 512 MB ndi malo osungira a 4 GB. Imeneyi ili pamalire penipeni. Paperwhite 2 ya 2013 ili ndi memori ya 256 MB yokha, ndipo katundu ameneyu amailemera.

Musanachite china chilichonse, iikeni pa Airplane Mode. Kutsekula khomolo, kumene amati jailbreak, kumadalira firmware, kutanthauza mapulogalamu a Amazon oyendetsa Kindle, imene ili m'chipangizocho, ndipo Kindle ikangolumikizana ndi Wi-Fi imatha kudzikokera yatsopano usiku n'kutseka mpata umene mumafuna kulowerapo. Nambala ya firmware muipeza pa Device Info. Njira ya LanguageBreak imagwira mpaka pa 5.16.2.1.1, pomwe WinterBreak, imene inatuluka kumayambiriro kwa 2025, inafikira ma firmware ena apamwamba. Tsatirani malangizo a njira yogwirizana ndi nambala yanu ndendende, osalumpha mzere. Mukatha, ikani hotfix yoteteza jailbreak, kenako MRPI yoikira mapulogalamu, KUAL yowatsegulira, ndi kterm, kawindo kolembamo malamulo. Mumalize ndi renameotabins, imene imaletsa Kindle kudzisintha yokha.

AbiWord siyenda mwachindunji pa Linux ya Amazon chifukwa zambiri zimene imafuna mulibe. Anthu amaika Linux ina, Alpine, m'kati mwa fayilo imodzi ya pafupifupi 2 GB yotchedwa alpine.ext3, n'kuiyendetsa mwa njira ya chroot, yoyendetsa Linux ina m'kati mwa inzake. Imakhala m'fayilo imodzi chifukwa malo amene mumawaona mukalumikiza Kindle ku kompyuta ndi a FAT32, ndipo FAT32 sisunga ma symlink (mafayilo olozera ku mafayilo ena) kapena zilolezo za mafayilo zimene Linux imadalira. Mukangokopera mafoda a Alpine pamenepo, sidzuka. Chotsani mabuku okwanira kuti 2 GB ipezeke, kopani fayiloyo, lowani mu Alpine kudzera pa kterm, yatsani Wi-Fi, ndipo lembani apk add abiword.

Memori ndiyo idzakuvutitseni. Pulogalamu ya Amazon yosonyeza mabuku imadya gawo lalikulu la 512 MB ija, choncho imayenera kuimitsidwa ndi lamulo lakuti stop lab126_gui, ndipo mukamaliza mumaibwezeretsa ndi start lab126_gui. Mukapanda kutero AbiWord imatsekeka yokha muli pakati pa ndime, chifukwa Linux ikaona kuti memori yatha imapha pulogalamu yodya kwambiri. Za LibreOffice, pulogalamu ina yaikulu yolembera, musadzivute nazo. N'chimodzimodzi kukweza matumba khumi a chimanga pa njinga yakapalasa: mwina ingasunthe, koma simufika nayo kuchigayo.

Funso: Ndaikamo zonse, koma kiyibodi yanga ya USB sikuyaka ndikailumikiza ndi kachingwe ka OTG. Kodi kachingweko ndi kakufa? Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Ayi mayi, kachingweko mwina kalibe mlandu. Doko la micro-USB la Paperwhite linapangidwa makamaka kuti lizilandira moto ndi kulamulidwa ndi kompyuta. Kernel yake, phata la Linux, sinakonzedwe kuti izilamulira kiyibodi popanda kuisintha. Ili ndiye vuto lalikulu pa ntchito yonseyi, kuposa kuika pulogalamu, pakuti kulemba nkhani ya masamba khumi pogogoda sikirini ndi chala n'kudzizunza.

Njira yodalirika ndi imene inatchuka mu 2012 ndi dzina lakuti Kindleberry Pi: Kindle imangokhala sikirini, ntchito yeniyeni n'kumachitikira mu kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi. Mufunika Raspberry Pi 3, imene ili ndi madoko anayi a USB, khadi la microSD la 8 GB kapena kuposa, pawabanki yotulutsa 5V ndi 2.5A, kiyibodi yanu ija, ndi chingwe cha data, osati chongotchajira. Mu Kindle ikani USBNetwork, yosandutsa chingwe cha USB kukhala netiweki, ndipo muiyatse kudzera mu KUAL. Kindle imatenga adiresi ya 192.168.15.244, ndiye ku Pi mupereke 192.168.15.201 ku usb0, dzina la kulumikizana kwa chingwecho. Pa Pi lembani sudo apt install wordgrinder tmux kuti muike WordGrinder yolembera ndi tmux yoonetsa zomwezo pa masikirini angapo, yatsani SSH yolowera mu Pi kuchokera ku Kindle, ndipo muikonze kuti ikadzuka izilowa yokha n'kutsegula tmux new -s lemba. Mu kterm lowani ku Pi ndi ssh, kenako tmux attach -t lemba. Zimene mukulemba pa kiyibodi zizionekera pa Kindle.

Mizere ikamadukira kudzanja lamanja, ndiye kuti tmux ikutsatira kukula kwa sikirini ina. Onjezani set -g window-size smallest m'fayilo ya .tmux.conf.

WordGrinder, imene analemba David Given, ilibe zithunzi kapena mabatani, ndi malemba okhaokha, ndipo ndiyo ikuyenera sikirini yamtunduwu kuposa AbiWord. Menyu yake imatseguka ndi Esc. Imasunga m'mafayilo a .wg, koma imathanso kutulutsa ODT, imene mungakaikongoletse pa kompyuta musanasindikize. Amene muli ndi Kobo, chowerengera mabuku cha kampani ina, zinthu n'zopepukirapo: sifuna jailbreak, ndipo pa mitundu ina pulogalamu yowerengera ya KOReader imalandira kiyibodi ya USB, bola chingwe chikhale cha nthambi ziwiri cholowetsanso moto kuchokera ku pawabanki.

Funso: Zilembo zikuchedwa kuoneka, ndipo kumbuyo kukutsala zithunzithunzi za mawu akale. Komanso ŵ wa Malaŵi ndimulemba bwanji? Ndine wophunzira, Mzuzu.

Yankho: Kuchedwako si matenda. Sikirini ya E Ink ili ndi timakapisozi tokhala ndi tinthu takuda ndi toyera timene timasuntha magetsi akatikankha, ndipo kusunthako kumatenga nthawi yooneka ndi maso. Kuti ifulumire, Kindle imangosintha kachigawo kamene kasintha, n'chifukwa chake zotsalira zimaunjikana mpaka sikirini yonse itaphethira. Chepetsani chilichonse chosuntha. Chotsani wotchi pamzere wapamwamba, kulitsani zilembo, sankhani zakuda pa choyera chifukwa mitundu ya imvi imachedwa, ndipo muzitsika ndi Page Down, pakuti kutsika mzere umodziumodzi kumajambulitsa tsamba lonse nthawi iliyonse. Mu AbiWord zimitsani choona masipelo: dikishonale yake ya Chingelezi imadula mzere kunsi kwa pafupifupi liwu lililonse la Chichewa, ndipo mzere uliwonse ndi ntchito ina kwa sikirini.

Za ŵ, mu AbiWord dinani Ctrl, Shift ndi U pamodzi, lembani 175, kenako Enter. Pakaoneka kabokosi ndiye kuti fonti ilibe chilembocho. Ikani DejaVu ndi apk add font-dejavu, kapena ttf-dejavu ngati Alpine yanu ndi yakale.

Funso: Ndinalumikiza Kindle ku laputopu kuti nditenge zolemba zanga, ndipo tsopano Alpine ikukana kutseguka. Zapita? Ndine bambo wa ku Chipata.

Yankho: Pepani bambo, koma musataye mtima. Mukalumikiza chingwe, Kindle imapereka malo ake osungira kwa laputopu, ndipo ngati Alpine inali ikuyendabe, alpine.ext3 imalandidwa ili pakati polembedwa. Kopani fayiloyo ku kompyuta ya Linux, sungani kope lina pambali, ndipo pa loyambalo yendetsani e2fsck -f alpine.ext3, mukuvomera mafunso ake. Mukaibwezera nthawi zambiri imadzuka, ndipo zidutswa zopulumuka mudzazipeza mu foda ya lost+found. Ulendo wina muzituluka mu Alpine musanalowetse chingwe, ndipo zolemba muzisunga ku /mnt/us, kunja kwa fayilo yaikuluyo, kumene laputopu iliyonse ingazione ngakhale Alpine itakana.