Galimoto yogonamo: yochokera ku Japan kapena kupangira mkati mwa HiAce?

Bambo wina wa ku Chelston akufunsa: Ndatsala pang'ono kupuma pantchito. Ndikufuna galimoto yoti ine ndi mayi akunyumba tizigonamo tikamapita kwathu ku Katete nthawi ya Kulamba, komanso kukaona nyama ku Mfuwe. Pa intaneti ndaona ina ya ku Japan, ili ndi bedi, sinki ndi chitofu. Ndigule yomweyo, kapena ndigule HiAce yopanda kanthu n'kuipangira mkati kuno?

Bambo, ndikanakhala inu ndikanatenga HiAce. Zogonamo za ku Japan zimakongola pa zithunzi, koma anazipangira kwawo. Magetsi a m'nyumba ku Japan ndi 100V, pomwe a ZESCO ndi 230V. Ndiye kuti masoketi, chaja ndi inveta (chosandutsa magetsi a batire kukhala onga a m'nyumba) zam'menemo zonse n'za 100V, ndipo mukangolumikiza chingwe chake kukhoma kwanu mwatentha zinthu. Kuchotsa zonsezo n'kuika zina ndi ndalama zomwe simunaziwerengere. Ngakhale wailesi yake nthawi zambiri imalekera pa 90 MHz, masiteshoni ambiri akuno osawagwira.

Chachiwiri ndi thupi lake. Zambiri n'zotakata, zazitali, ndipo kumbuyo kumatulukira kwambiri kupitirira matayala. Pa Great East Road, m'mapiri ndi m'makona a cha ku mlatho wa Luangwa, galimoto yotere imayepa mukamadutsana ndi mathiraki, ndipo mukapatuka kulowa msewu wafumbi wa kumudzi imakhula pansi. HiAce ikavuta pa Nyimba kapena pa Petauke, makaniko aliyense amaidziwa chifukwa ndi yomwe imayenda ngati minibasi, masipeya ake sasowa. Koma musagule yomwe yatopa kale ndi kunyamula anthu m'tauni muno. Pezani yadenga lalitali, mulowe pansi pake ndi tochi muone dzimbiri, chifukwa za kumpoto kwa Japan zimayenda m'misewu yothiridwa mchere nthawi ya chisanu.

Popanga mkati, mdani wanu ndi kulemera. Akalipentala a ku Kalingalinga ndi aluso, koma mukawasiya okha akupangirani bedi la mukwa loyenera m'nyumba. Auzeni agwiritse ntchito plywood ya 12 mm, ndipo chilichonse chimangidwe ndi mabawuti ku chitsulo cha galimoto, osati misomali. Kabati yosamangidwa imauluka mukaponda mabuleki mwadzidzidzi, ndipo imaulukira komwe mwakhala inuyo. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 60 ndi munthu wina amene mwamukweza. Thankiyo ikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Matayala akhale onyamula katundu, olembedwa C kapena LT.

Mayi wina wa ku Kabwata akufunsa: Mwana wanga analumikiza kafiliji pa soketi ya ndudu ya galimoto. Titagona ku Siavonga, m'mawa galimoto inakana kulira. Kodi filijiyo ndi yoipa?

Mayi, filijiyo ilibe mlandu. Batire yolizira injini anaipanga kuti ipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, kenako alternator (chodzaza batire injini ikamalira) n'kuibwezera. Kuikoka pang'onopang'ono usiku wonse kumaifoola, ndipo mukabwereza kangapo imafa ndithu.

Mufunika batire yachiwiri, ya filiji, nyali ndi mafoni basi. Pakati pa mabatire awiriwo paikidwe isolator kapena DC-DC charger, kuti injini ikamalira onse azidzaza, ikazima azilekana. Mukatero, ya filiji itha kutheratu koma galimoto idzalirabe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Filiji ya compressor ya malita 40 imadya pafupifupi 30Ah mpaka 45Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi osungidwa mu batire) pa tsiku kukatentha, ndipo m'chigwa cha Zambezi kapena cha Luangwa mu October kumafika 40°C. Batire ya mtovu yotsekedwa, yotchedwa AGM, yolembedwa 100Ah simuyenera kuitsitsa kupyola theka, ndiye muli ndi 50Ah zokha, zomwe ndi tsiku limodzi. Ya lithium, mtundu wa LiFePO4, ya 100Ah imakupatsani 80Ah kapena kuposerapo, ndipo kulemera kwake sikufika theka la inzake. Imadula, koma kwa munthu woyenda pafupipafupi ine ndimalangiza imeneyo. Ikhale ndi DC-DC charger, chifukwa ikalumikizidwa mwachindunji imakoka kwambiri mpaka kutenthetsa alternator. Mu HiAce injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, choncho batireyo ikhale kumbuyo, kutali ndi kutenthako.

Sola ya 200W padenga, yokhala ndi controller ya MPPT (kachipangizo kowongolera magetsi ochoka pa sola kupita ku batire), imabweza pafupifupi 50Ah tsiku ladzuwa. Vuto lake ndi lakuti inu mufuna mthunzi, sola ifuna dzuwa. N'chifukwa chake ndimakonda sola yopinda yokhala ndi chingwe chachitali: galimoto pansi pa mtengo, sola poyera.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimachiona kawirikawiri pa magalimoto obwera kuti ndiwakonze, ndipo chimandiwawa mumtima: waya wochoka pa batire wopanda fyuzi. Waya wotere akakhuzika pa chitsulo amafiira nthawi yomweyo, ndipo mkatimo muli matiresi, matabwa ndi anthu ogona. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire iliyonse, mbali zonse ziwiri, isatalikire kupitirira chikhatho. Waya wolumikiza mabatire akhale wonenepa, wa 16 mm², wa kopa weniweni wa tizingwe tambiri, osati waya wouma wa m'nyumba amene amathyoka ndi kugwedezeka. Podutsa pa bowo la chitsulo pakhale labala. Wokuikirani akanena kuti fyuzi n'njosafunika, tengani galimoto yanu mupite kwina.

Ketulo ndi ayironi muziiwale. Ketulo ya 2,000W kudzera pa inveta imakoka kuposa 160A pa 12V. Madzi muziwiritsa pa gasi.

Mnyamata wina wa ku Matero akufunsa: Mu June ndi July kumazizira. Kodi sindingalowetse mbaula kwa kanthawi kuti mkati mufunde, kenako n'kuitulutsa?

Ayi, achimwene, ngakhale kwa mphindi zisanu. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Mbaula yomwe yasiya utsi, makala ake ali psuu, ikutulutsabe mpweyawo. Mkati mwa galimoto ndi mochepa kuposa chipinda chilichonse, choncho umadzaza msanga. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo, ndipo tulo take ambiri sadzukanso. Kuliza injini usiku kuti heater igwire ntchito kulinso ndi ngozi yomweyo, chifukwa utsi umalowera pansi. Tengani mabulangete awiri ndi chipewa chaubweya, mumatenso zotchinga kuzizira m'makoma ndi kudenga musanakhome plywood. Zomwezo zidzakuthandizani pa kutentha kwa October.

Pophika ndi gasi, chitseko chikhale chotsegula, kapena phikirani panja. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amakhala pansi, ndiye bokosi la silinda likhale ndi kabowo pansi kotulukira kunja. Molumikizira muzipakamo thovu la sopo: likamachita matuza, pakudontha. Usiku tsekani pa silinda penipeni. Gulaninso alamu ya carbon monoxide yoyendera timabatire ndi chozimira moto cha ufa, muchimangirire pafupi ndi chitseko.

Bambo a ku Chelston aja awonjezera: Nanga za mapepala?

Musanachotse mipando kapena kudula denga, pitani ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, ndi white book yanu mukafotokoze zomwe mukufuna kusintha, kuti zolembedwa zigwirizane ndi galimoto pa nthawi ya fitness. A inshuwalansi auzeninso, makamaka za gasi ndi batire yachiwiri. Poyenda, aliyense akhale pa mpando wokhala ndi lamba. Adzukulu asagone pabedi galimoto ili pamsewu. Ndipo musananyamuke ulendo wa ku Mfuwe, ikani sefa wa udzudzu pa mawindo awiri oyang'anizana, kuti muzigona ali otsegula.