Bulangete ndi thaulo pothandizira khanda

Funso: Mwana wanga ali ndi miyezi iwiri. Ndikamayamwitsa, mkono umatopa ndipo msana umandiwawa. Apongozi akuti ndizimutchinjiriza ndi bulangete, komanso ndiyambe kumukhazika m'beseni ndi zitenje kuti akhale msanga. Nditsate ziti?
*Mayi wa ku Zomba*

Yankho: Mayi, za bulangetezo apongozi anena zoona, koma beseni liyambe ladikira.

Msana umawawa chifukwa mumaweramira mwana, pamene mwanayo ndiye ayenera kukwera kufika pabere. Khalani motsamira khoma, pindani bulangete kanayi ndi kuliika pamiyendo, kuti mphuno ya mwana ilingane ndi nsonga ya bere. Thaulo likulungeni ngati mphasa, muliike pansi pa chigongono cha mkono umene wanyamula mutu wake. Khutu, phewa ndi chiuno zikhale pa mzere umodzi, mimba yake igunde yanu. Akakhala pansi kwambiri amakoka nsonga yokha, ndipo zilonda za pabere zimayambira pamenepo. Mukamayamwitsa mutagona chammbali, thaulo likhale kumsana kwake kuti asagubuduke, koma akamaliza lichotseni tulo tisanakubeni.

Ngati amamwa za m'botolo, musatsamiritse botolo pa nsalu n'kuchokapo. Mkaka umangotsika ngakhale iye akufuna kupuma, ndiye amatsamwa.

Posewera, mugonekeni chafufumimba pamphasa ali maso. Kathaulo kokulunga, konenepa ngati mkono wanu, kadutse pansi pa chifuwa ndi m'khwapa, manja ali kutsogolo kwake. Kakatsetsereka n'kufika pakhosi kapena pankhope, kakonzeni nthawi yomweyo. Yambani ndi mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu patsiku, n'kumawonjezera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 30 patsiku, zogawa pang'onopang'ono. Musatero atangoyamwa, angasanze. Masiku oyamba ambiri amalira, musadabwe. Gonani moyang'anizana naye muzimulankhula. Izi ndizo zimalimbitsa khosi, mapewa ndi msana.

Ana ambiri amayamba kukhala cha pa miyezi 6. Wa miyezi iwiri mukamukhazika m'beseni, mutu umagwera kutsogolo, chibwano chimakanikiza pachifuwa, mpweya n'kumavuta kudutsa. Khosi likalimba, cha pa miyezi 5, mukhazikeni pamphasa, bulangete lokulunga limuzungulire kumbuyo ndi m'mbali mpaka m'chiuno, inu muli pomwepo. Akayamba kupendekera, watopa.

Pogona pokha musaikepo chilichonse mwa izi. Khanda ligone chagada pamalo olimba, osapendekeka, popanda pilo kapena thaulo lomutchinga m'mbali, chifukwa likatembenuzira nkhope mu nsalu limabanika mosalira n'komwe. Ngati pofika miyezi 4 khosi likadali lendelende, kawauzeni a zaumoyo kusikelo.