Achimwene, zaulere zilipo, koma musasiye zonse tsiku limodzi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwezi ndi mwezi mukulipira Adobe (ya zithunzi), Microsoft 365 (ya Office), JetBrains (yolembera code) ndi Postman (yoyesera ma API, njira zomwe mapulogalamu amalankhulirana), zonse m'madola, pomwe makasitomala anu amakupatsani makwacha, ndiye mukufuna kudziwa ngati mungasamukire ku mapulogalamu aulere ntchito osasokonekera. N'zotheka ndithu, inenso ndinadutsa momwemo. Chinandidzutsa ndi November 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mitengo yomwe ndinagwirizana ndi makasitomala inali yomweyo, koma bilu yanga inatupa usiku umodzi.

Choyamba muzisiyanitsa, chifukwa zaulere zili mitundu iwiri. Pali pulogalamu yomwe mumaika pa kompyuta yanu, code yake ili poyera, mafayilo ali m'manja mwanu. Ndiye pali kagawo kaulere komwe kampani yakubwerekani, ndipo ikhoza kukalanda tsiku lomwe yafuna. Heroku, kampani yosunga mapulogalamu pa intaneti, inatseka gawo lake laulere pa 28 November 2022, ndipo ambiri omwe anaika ntchito zawo kumeneko anayenera kusamuka mothamanga kapena kuyamba kulipira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndikamasankha ndimafunsa chinthu chimodzi: intaneti ikathawa, kapena eni ake akasintha maganizo, ntchito yanga ndiitsegulabe?

N'chifukwa chake m'malo mwa Postman ndikukulangizani Bruno. Ma request anu onse amasungidwa ngati mafayilo wamba m'foda ya pulojekiti, mumawaponya mu Git (yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo) pamodzi ndi code, ndipo simufunika akaunti. Tsiku lina magetsi atazima, bandulo itathanso, ndinakhala pakhonde ndi laputopu ili pa batire n'kuyesa API yonse pa localhost, kutanthauza pa laputopu yomweyo, mpaka kumaliza. Apa ndi pomwe ndinakhutira. Pa database tengani DBeaver Community, imalankhula ndi PostgreSQL, MySQL ndi SQLite bwinobwino. Mapasiwedi ikani mu KeePassXC kapena Bitwarden. GitHub ndiye musaiganizire n'komwe, ma repo (mosungira code) achinsinsi ndi aulere kuyambira 2019.

Pa JetBrains pokha dekhani. Ngati mwalipira miyezi 12 mosadukiza, muli ndi laisensi yosatha ya version yomwe inalipo pamene miyezi imeneyo inkayamba. Ambiri sadziwa, amangosiya kulipira n'kufufuta pulogalamu yomwe ali nayo ufulu wogwiritsabe ntchito. Lowani mu akaunti yanu muone kaye. Mumvanso anthu akunena kuti WebStorm ndi Rider, mapulogalamu a JetBrains, zinakhala zaulere mu October 2024. N'zoona, koma ndi za ntchito yosapezerapo ndalama, monga kuphunzira. Inu mumalipiritsa, ndiye sizikukhudzani. N'chimodzimodzi ndi pulani yaulere ya Hobby ya Vercel, kampani yosunga mawebusayiti: webusayiti ya kasitomala wolipira siyenera kukhala pamenepo. Chonde musazembe malamulo amenewa, chifukwa akaunti ikatsekedwa wochita manyazi pamaso pa kasitomala ndi inuyo. VS Code, yolembera code, ndi yaulere pa ntchito iliyonse ndipo kwa ambiri a ife ndi yokwanira. Docker Desktop, yoyendetsera mapulogalamu m'ma container, nayonso simulipira ngati bizinesi yanu ili ndi antchito osafika 250 ndipo ndalama zake sizifika madola 10 miliyoni pachaka, ndiye munthu wogwira yekha ali bwino.

Za Office ndi pomwe ndinapsa chala, ndipo cholakwa chinali changa. Kasitomala ananditumizira mgwirizano wa .docx wa masamba anayi, ndinautsegula mu LibreOffice, pulogalamu yaulere yolowa m'malo mwa Office, n'kupeza wafika masamba asanu, malo osainira atagwera tsamba lakelake. Ndinaubweza momwemo osayang'anitsitsa, munthu n'kundiimbira foni kufunsa ngati ndasintha mawu. Vuto linali lakuti pa kompyuta yanga panalibe zilembo za Calibri. Ikani zilembo za Carlito ndi Caladea, zinapangidwa kuti kukula kwake kufanane ndi Calibri ndi Cambria, ndipo masamba amakhala m'malo mwake. Kuyambira pamenepo kotesheni ndi invoyisi ndimatumiza ngati PDF basi. Wofuna kuti tilembere limodzi ndimakumana naye pa Google Docs.

Adobe ndi nkhani yodzifunsa moona mtima. Ngati ntchito yanu ndi kudula zithunzi, kuzichepetsa kuti tsamba lizitseguka msanga, ndi kukonza logo ya SVG mwa apo ndi apo, GIMP ndi Inkscape zikukwanirani, ngakhale manja amatenga masabata angapo kuti azolowere. Wojambula akakutumizirani fayilo ya PSD ya Photoshop, Photopea imaitsegula mu browser ma layer ali momwemo. Pokonza maonekedwe a mapeji pali Penpot, kapena gawo laulere la Figma. Koma ngati mumatumiza zinthu kosindikiza kawirikawiri, kapena mumasinthana mafayilo a Illustrator ndi anthu ena sabata iliyonse, pitirizani kulipira ndipo mtengowo muuike mu kotesheni. Palibe chamanyazi pamenepo.

Pali zinthu zitatu zomwe ine sindiumira kuzilipira: domain (dzina la webusayiti), seva ya makasitomala, ndi posungira ma backup. Domain muzilembetsa m'dzina la kasitomala ndipo alipire yekha chaka ndi chaka, zimapewetsa mikangano mukadzasiyana. Satifiketi ya SSL, yotetezera webusayiti, musagulenso, Let's Encrypt imapereka yaulere ndipo pulogalamu ya certbot imaikonzanso yokha isanathe. Backup ndimagwiritsa ntchito restic, kopi imodzi pa hard drive ya kunyumba, ina pa malo olipira pa intaneti. Kamodzi pa mwezi ndimayesa kubweza fayilo imodzi kuti ndione ngati ikutsegukadi.

Musanadine batani losiya, yang'anani mtundu wa pulani yanu ya Adobe. Ngati ndi ija ya chaka chonse yolipira mwezi ndi mwezi, kusiya pakati pa chaka masiku 14 oyamba atadutsa kumakudyerani theka la ndalama zotsala. Lembani pa kalendala tsiku lomwe chaka chanu chikutha. Yambani ndi Postman sabata ino, chifukwa Bruno imatha kulandira ma collection anu mukawatulutsa. Mwezi wamawa tsitsani zonse zili pa OneDrive, posungira mafayilo pa Microsoft 365, kenako musiye Office. Adobe ikhale yomaliza, mutagwirako ntchito imodzi yathunthu ya kasitomala ndi GIMP ndi Inkscape. Mutiuze chilankhulo chomwe mumalembera code, tikusankhireni ma extension a VS Code oyenera.