Kandege kakamataya chithunzi kuseri kwa miyala ya ku Dedza

Wowerenga wina wa pa Dedza boma wanditumizira imelo. Ali ndi kandege ka FPV, kaja munthu amakaulutsa atavala magalasi oonetsa zomwe kamera ikuona. Akuti kakapita patali pang'ono chithunzi chimachita mchenga, ndipo tsiku lina kanagwa katangokhotera kuseri kwa thanthwe. Akufunsa ngati agule VTX (kachipangizo ka pa kandege kotumiza chithunzi ku magalasi) yamphamvu ya 800mW, komanso komwe angamaulutsire mosadetsa nkhawa.

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye. Vuto lanu lagona pa malo, osati mphamvu.

Pakati pa inu ndi kandegeko pali njira ziwiri. Rimoti imalamula pa 2.4 GHz, chithunzi chimabwera pa 5.8 GHz. Mafunde amenewa amafuna kuonana maso ndi maso ndi eriyo yanu. Thanthwe salibowola, ndipo mitengo ya paini yonyowa ndi nkhungu imawameza, makamaka a 5.8. Ngakhale pamtetete, kuti mtunda uwirikize kawiri mphamvu iyenera kuwirikiza kanayi. Ndiye 800mW idzatenthetsa VTX ndi kudya batire, koma kuseri kwa thanthwe lija chithunzi chidzathawabe. Chomwe chimathandiza n'kuima pokwera, pomwe mukuona dera lonse lomwe kandege kadutse.

Yang'ananinso ma eriyo. Eriyo yowongoka imafooka kwambiri kunsonga kwake, choncho musamaloze kandege ndi eriyo ya rimoti, m'mbali mwake ndimo muyang'ane komwe kali. Pa chithunzi, eriyo ya pa kandege ndi ya pa magalasi zikhale za mtundu umodzi, RHCP zonse (mafunde ozungulira kumanja) kapena LHCP zonse (ozungulira kumanzere). Musayatse VTX yopanda eriyo, imapsa. Ngati rimoti yanu imalumikizana ndi kandege kudzera pa ExpressLRS, ikani LQ (nambala yoonetsa ubwino wa kulumikizanako) pa sikirini, ikayamba kutsika bwererani pomwepo. Failsafe, yomwe imaimitsa mamota kandege kakasiya kumva rimoti, muziyiyesa muli pansi mutachotsa mapulopela: zimitsani rimoti muone ngati mamota aima.

Mukafuna kusamutsira rimoti ku 900 MHz chenjerani, chifukwa 915 MHz yomwe amagwiritsa ntchito ku America imagundana ndi mafunde a mafoni kuno. Woyang'anira mafunde ndi MACRA, afunseni musanagule.

Za malo, ndikudziwa kuti mtima uli pa phiri la Dedza, lomwe limafika mamita pafupifupi 2,200. Pamwamba pake pali nsanja za mafoni ndi wailesi, ndipo pafupi nazo kachipangizo kolandira mafunde kamagontha. Mphepo imazungulira m'matanthwe. Ndipo ngakhale pa boma pomwepo, pa mamita 1,600, mpweya ndi wopepuka, mamota amalimbikira kwambiri ndipo batire silichedwa kutha kusiyana ndi ku Salima.

Msewu wa M1 kulowera ku Ntcheu ukutsata malire. Pa Lizulu mukangowoloka msewu mwalowa Mozambique, ndipo kandege kakagwera uko nkhani yake siikhalanso yamasewera. Pewaninso misika, sukulu ana ali pabwalo, chipatala, ndende, polisi ndi mawaya a ESCOM, omwe m'magalasi saoneka mpaka mutawagunda. Ku Chongoni, komwe kuli zojambula zakale za m'mapanga zomwe UNESCO inazizindikira mu 2006, pemphani kaye kwa osamalira malowo.

Ine ndimalimbikitsa dambo lotakasuka m'chilimwe, kapena minda anthu atakolola, m'mamawa mphepo isanadzuke. Koma dambo lililonse lili ndi eni ake. Pitani kwa amfumu, muwaonetse kandegeko, muwaveke magalasiwo aone okha. Anthu sanaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2017, ndipo mlendo wovala chinthu chophimba maso patchire angathe kumuganizira zina. Pamwamba pa manda ndi dambwe musayerekeze n'komwe, kamera ilibe malo kumeneko. Funsaninso ku ofesi yoona za maulendo a ndege za kalembera ndi malamulo a drone.

Musamapite nokha. Mukavala magalasi simuona mwana kapena ng'ombe yomwe yalowa pomwe mukufuna kutera, ndiye pakhale mnzanu woyang'ana ndi maso. Mutengenso kandowa ka mchenga, chifukwa batire la kandegeko, la mtundu wa LiPo, likabooka pa udzu wouma wa mu September moto wake ungalowe m'nkhalango, ndipo mlandu udzakhala wanu.