Bonasi payokha siyendetsa ntchito, achimwene

Achimwene, mwati mukugula soya ndi mtedza pa Kamwendo, antchito anu ndi a konkuno ku Mchinji, ena a ku Chipata, madalaivala a ku Tanzania, ndipo mwaika bonasi koma ntchito ikukwawabe. Ndinayang'anirapo malo ngati amenewo.

Ndinkaganiza kuti poti a ku Chipata timamvana, ndiye kuti ndife amodzi. Tsiku lina ndinafunsa mnyamata wa kumeneko za matumba osoka, iye n'kungoti "mailo, bwana". Wina anandiuza kuti mailo ndi dzulo, ine n'kuitanitsa lole. Kufika, matumba ali yasa! Kwawo mawu omwewo amatanthauzanso mawa.

Koma chondipweteka kwambiri chinali "inde bwana" yathu yomweyi. Geert Hofstede, amene anafufuza ogwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM m'maiko ambiri n'kutulutsa buku mu 1980, anaonetsa kuti kumene bwana amaopedwa, wantchito sayerekeza kumutsutsa. Ife tili komweko. Munthu avomera chinthu chimene akudziwa kuti sichitheka, kuopa kuoneka wamwano. Ndiye musafunse kuti "wamva?" Muuzeni afotokoze yekha mmene achitire ndi nthawi yomalizira, apo mpamene zovuta zimatulukira. Akalakwa, muitanireni pambali. Mukamukalipira pagulu amwetulira, koma Lolemba simumuonanso.

Bonasi yanuyo mukupereka m'kwacha iti? Kwacha yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa ku Zambia wolandira ndalama ya Malawi ankawoloka malire pa Mwami ndi zochepa m'thumba. Gwirizanani zimenezi polemba ntchito pomwe. Komanso bonasi ya munthu mmodzi imabala nsanje, ena amayamba kumunena kuti ndi kazitape wa bwana. Onyamula matumba ine ndinkawapatsa monga gulu, ankadzudzulana okha.

Kenako kalendala. Ogasiti Achewa amapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, Febuluwale Angoni a Mpezeni ali ku Nc'wala ku Mtenguleni. A ku Zambia tsiku lawo la ufulu ndi 24 Okutobala, osati 6 Julaye. Dalaivala wachisilamu musamuikire kupakira Lachisanu masana. Za maliro ndiye musawerengere munthu maola. Pitani nokha mukapepese, kapena tumizani galimoto ikathandize kunyamula nkhuni.