Kachitsulo kokanulira koyenda nako m'thumba

Achimwene, mwafunsa za kachitsulo kotchipa kokanulira zinthu, koti muziyenda nako m'thumba pa ntchito yanu ya ukalipentala ku Nchalo. Mwachita bwino kufunsa. Ine ndinkadalira mpeni, mpaka nsonga yake inathyokera pa chitini cha penti.

Funani ka stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri msanga), kotalika masentimita 8 mpaka 10, kokhuthala mamilimita 3 kapena 4. Kuchigwa kuno thukuta lake mukulidziwa, makamaka mu Okutobala. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri m'thumba momwemo n'kudetsa thalauza. Ka titanium n'kopepuka ndipo sikachita dzimbiri, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, kasiyeni.

Muyang'anitsitse kunsonga: kukhale kopyapyala ngati tchizulo, ndi kampata kozulira timisomali. Zotsegulira mabotolo zimene amawonjezerapo n'zokopera ogula chabe.

Ndalama zikavuta, tengani chidutswa cha sipuling'i ya galimoto mupite nacho kwa owotcherera ku Ngabu, akudulireni n'kukusongolerani. Kameneko n'kolimba zedi, kungoti muzikapaka oyilo. Muwauzenso asalaze m'mbali, chifukwa kanga koyamba kanandiboolera thumba sabata isanathe.